Tsiku Limene Galimoto ya a Miti Inadzaza ndi Munthu Mmodzi

Aliyense amene amakwera takisi pakati pa Chipata ndi Mwami amawadziwa a Simoni Miti, kapena tinene kuti amadziwa mawu awo: "Malo alipo, mayi, malo alipo!" Galimoto yawo yotuwa ija sinkanyamuka pa siteji isanadzaze, anthu atathithikana kumbuyo ndi kutsogolo komwe, mabelo a salaula, zovala za kaunjika zija, ali m'buti.

Sanali munthu woipa, izi zimveke bwino. Mowa sankamwa, ndipo Lamulungu ankapita ku Misa, ngakhale ankatuluka nyimbo yomaliza isanathe poopa kuti anzawo awatengera okwera. Kunyumba ku Kapata ankachoka akazi awo, a Yosefina, asanasese pabwalo, n'kubwerako ndiwo zitazizira. Ana akadalipo, phokoso lawo linkabisa zimenezi. Koma Rozi, mwana womaliza, atakwatiwa ku Lusaka, a Yosefina anatsala akucheza ndi nkhuku.

M'mawa wina, m'nyengo yokumba mtedza, a Miti anapeza chikwama chachikulu chili pakhomo.

"Bambo a Rozi, ndikupita ku Madzimoyo kwa akulu anga a Elesi, kukakumba mtedza."

"Mubwerako liti?"

"Kudzabwerera ndani? Nkhuku ndasiyira aneba."

A Miti anazindikira kuti ulendowu sunali wa mtedza wokha. Mwamantha, anati awaperekeza pa galimoto.

Koma atangolowa mumsewu waukulu n'kuona anthu ataima m'mbali, phazi linaponda lokha buleki, mkono unatuluka pawindo. "Malo alipo!" Mayi Munirah, wamalonda a nsalu amene anali kasitomala wawo wakale, anatsegula chitseko chakutsogolo.

"A Miti, lero Mwami mwamukana? Amayi, tasunthani pang'ono, tikwanapo tonse."

A Yosefina anasuntha, chikwama chili pamiyendo, mpaka bondo lawo linakhudza giya. Kusunthako ndi kumene kunawalasa mtima a Miti. Anaona kuti zaka zonsezi mayiyu wakhala akungosuntha chonchi, mwakachetechete, kuti ena akwanepo.

"Pepani, Mayi Munirah," anatero. "Galimoto yadzaza."

Mayi Munirah anasuzumira kumbuyo kopanda munthu. "Yadzaza ndi mizimu kapena?"

"Awa ndi akazi anga."

"Aa! Muli ndi mkazi inu? Ife timayesa munakwatira galimotoyi!" Anabwerera m'mbuyo, n'kuwomba m'manja pang'ono. "Mundikhululukire, mayi. Muwagwire zolimba awa, asathawirenso ku siteji."

A Yosefina anaphimba pakamwa ndi chitenje, koma mapewa awo ankagwedezeka ndi kuseka. Kenaka anabwerera pakati pa mpando wawo, n'kuponya chikwama chija kumbuyo.

Anayenda pang'onopang'ono, kudutsa anthu ambiri oimika. Pa aliyense mkono wa a Miti unkanyamuka, iwo n'kuubweza pa chiwongolero. A Yosefina ankangowayang'ana m'mbali. Atafika ku Madzimoyo, a Miti anazimitsa injini dzuwa likadali pamutu, n'kupempha khasu kwa a Elesi. Anakumba mzere umodzi ndi akazi awo, manja ozolowera chiwongolero aja akutuluka matuza, a Yosefina akuwaseka kuti akudula mtedza pakati.

Madzulo a Miti anabwerera okha ku Chipata. A Yosefina sanalonjeze chilichonse, ndipo iwo sanayerekeze kufunsa. Lachitatu lotsatira anapitanso, galimoto ili yopanda munthu, ndipo linzake anateronso.

Mtedza utauma, foni inalira a Miti ali pa siteji.

"Bambo a Rozi," anatero a Yosefina, "malo alipo?"

A Miti anayesa kuyankha monga amakuwira masiku onse, koma mawu anatuluka otsika kwambiri. Anatsitsa okwera amene anali atalowa kale, n'kuwapepesa mmodzimmodzi.

Masiku ano, mukawafuna Lachitatu masana, simuwapeza pa siteji. Anzawo amangokuuzani kuti yadzaza.