Injini ya amalume a Yotamu

Ndikukumbukira chaka chimene amalume a Yotamu anabwera kuchokera ku Joni ndi kagalimoto kakuda. Inali nyengo yothyola thonje, miyezi yozizira ija milomo imang'ambika ndi mphepo, ndipo ine ndinali kamtsikana ka giredi folo. Mudzi wathu uli kumpoto kwa Sinda, kutali ndi tala. Msewu wa kwathu unkadziwa ngolo za ng'ombe, njinga ndi malole a ogula thonje basi. Ndiye tsiku limenelo titamva kubangula kwachilendo kuchokera kudambo, tonse tinasiya matumba m'munda n'kuthamangira kunyumba.

Kanali kagalimoto kafupi, kogwada pansi ngati chule wofuna kudumpha, konyezimira moti tinkadziona nkhope pazitseko. Magalasi ake anali akuda bii, munthu wam'kati osaoneka. Amalume akakaliza, phokoso lake linkamveka m'mimba, osati m'makutu. Nkhuku zinabalalika, galu wathu anakagona kuseri kwa nkhokwe mpaka madzulo.

Amalumewa anali mlongo wawo wa amayi, wamng'ono. Anali munthu wansangala, wopatsa, ndipo ine ankandiitana kuti "amayi" chifukwa ndinapatsidwa dzina la amayi awo, Esinati. Vuto lawo linali pakamwa. Madzulo alionse ankaimika kagalimoto kaja pagolosale, amuna n'kuwazungulira, iwo n'kuyamba kuphunzitsa. Ankati galimoto zamtundu umenewo zilipo ziwiri, kunja zofanana ngati mapasa, koma ina ndi ya mabwana opita ku ofesi, ina ndi yothamanga, ndipo yawoyo inali yothamangayo. Ankatinso ku Joni kunkamveka mphekesera zoti opanga ake akufuna kuchotsa injini yaikuluyo n'kumaikamo kakang'ono, moti yawo inali m'gulu la zomaliza zenizeni. Pomaliza ankamenya pamwamba pake ndi chikhatho, n'kunena monyadira kuti, "Ndipo imeneyi siimwa petulo wamba wa pa Sinda pano ayi."

Mawuwa anachoka pagolosale ali oti injini idzasinthidwa. Pofika pamjigo anali oti injini inasinthidwa kale. Pofika kusukulu kwathu mawu oti "wamba" anali atagwera panjira, panatsala zoti galimotoyo siimwa petulo. Nanga imamwa chiyani? Chaka chimenecho n'kuti nkhani ya anthu opopa magazi itadutsa kale m'midzi ya m'malire, ndipo anthu sanachedwe kupeza yankho.

Amene anandiuza ine anali Dolika, mnzanga wokhala naye desiki imodzi. Tinali pamzere wotunga madzi othirira maluwa a kusukulu. Anandigwira dzanja, n'kulitembenuza, n'kuyang'ana chikhatho changa.

"Waona mmene wayerera? Ayamba kale," anatero monong'ona. "Munthu akakhwima sapereka mwana wake. Amapereka wa mlongo wake."

Amalume analibe mlongo wina koma amayi, ndipo mwa ana a amayi wamkulu ndinali ine.

Kunena zoona ndinkadwaladi. Ndikawerama kuthyola thonje n'kudzuka, kumaso kunkachita mdima, m'makutu mukulira nyenje. Ndinkalakalaka dothi la pachulu kuposa chakudya. Matendawa anayamba amalume asanabwere n'komwe, zimenezo ndinkazidziwa, koma mantha sawerenga miyezi. Kuyambira tsiku limenelo ndinkayenda njira yozungulira kuti ndisadutse pansi pa mtengo wa mango pomwe kagalimoto kaja kankagona. M'mawa uliwonse ndinkafufuza m'mikono ndi m'khosi ngati muli kabala. Maswiti amene amalume ankandipatsa ndinkakapatsa mbuzi, n'kukhala poteropo kudikira kuti igwe. Mbuziyo sinagwe. Inangoyamba kunditsatira paliponse, mpaka kuchimbudzi.

Amayi anazimva nkhanizi ndipo zinawapweteka kwambiri, koma analibe mphamvu zokalimbana ndi anthu. Anali m'chikuta, atangobereka kumene mng'ono wanga, ndipo atate n'kuti ali kuntchito kuminda ya nzimbe, kutali. Azimayi amene ankabwera kudzaona mwana anayamba kuchepa. Ena ankaimira kunja kwa mpanda, n'kupereka moni mofuula.

Kenako m'mawa wina ndinakomoka m'munda. Nditatsitsimuka ndinapezeka ndili pakhonde, nkhope yanyowa ndi madzi, amalume atandigwadira.

"Achemwali, mwanayu sitingamuonerere," anatero akulankhula ndi amayi amene anali pakhomo. "Ndimutengere kuchipatala ku Katete pompano."

Ndinakakamira nsanamira ya khonde ndi manja onse awiri. Ndinalira kulira kumene sindinalirepo, ndikuitana amayi, ndikuitana atate amene sakanandimva. Amayi anandiuza kuti ndisawachititse manyazi. Amalume anamasula zala zanga chimodzichimodzi, n'kundinyamula. Anthu ochokera kumjigo anaima ndi ndowa pamutu, akuona mwana akulowetsedwa m'galimoto ija akuphiriphitha.

M'kati munali mozizira ngati m'mtsuko, monunkhira nsapato zatsopano. Amalume anakoka chilamba n'kundimanga nacho pachifuwa, ine mumtima n'kuti, mbuzinso amayamba aimanga. Titangonyamuka zitseko zonse zinadzikhoma zokha. Maso anga ankasaka kapaipi kopopera, pansi pa mpando, m'mbali mwa chitseko, mu timabowo totulutsa mphepo. Kutsogolo kwa amalume kunali kasingano kofiira kamene kankakwera injini ikabangula, ndipo ndinatsimikiza kuti kameneko ndiko kankayeza magazi amene atsala.

Titalowa m'tala amalume anaponda. Chinthu china chinandikankhira kumpando ngati dzanja la munthu wamkulu pachifuwa. Mitengo inasanduka mzere umodzi wobiriwira, anthu a njinga ankangooneka kamodzi n'kusowa. Ndinayamba pemphero la Ambuye, koma ndinkangofika pa "chakudya chathu chalero" n'kubwereranso poyamba. Penapake pafupi ndi mapiri a Katete ndinamva kutentha kukuyenderera m'miyendo. Ndinali nditanyowetsa mpando wachikopa uja, umene amalume sankalola munthu kukhalapo ndi fumbi. Anayang'ana, n'kubweza maso kumsewu. Titafika anavula jekete yawo n'kundimanga m'chiuno.

Kuchipatala ndinkaganiza kuti ndapulumuka, mpaka anesi ena onenepa anatulutsa jakisoni wopanda mankhwala, n'kundimanga kachingwe pamkono. Ndinaona magazi anga enieni akukwera m'kabotolo. Ndiye kuti ali limodzi, ndinatero mumtima, ndipo ndinakuwa mpaka odwala a pabenchi anadzuka kudzasuzumira. Anesiwo anandimata kathonje pabalapo. Titadikira ndithu anatiitananso, n'kundikoka chikope kuti amalume aone kuyera kwake.

"Mwanawe, alipodi amene akukumwa magazi," anatero. "Koma ali m'mimba mwakomo. Njoka zam'mimba. Uzivala nsapato, ndipo dothi ulisiye."

Anatipatsa mapilitsi ofiira m'kapepala ka pulasitiki ndi ena oyera otsuka m'mimba. Amalume anandigulira banzi ndi chakumwa chozizira pamsika, ndiponso tinsapato tapulasitiki tobiriwira. Ndinadya banziyo ndekha, yonse. Pobwerera ndinayamba kuyang'ana kunja, mpaka ndinafunsa ngati galimotoyo ingapitirire basi ya ku Lusaka. Amalume anaseka kwambiri, n'kuti ingaipitirire ikuyenda chobwerera.

Dzuwa linali litapendeka pamene tinafika padambo la kwathu. Pakamlatho ka mitengo tinapeza msewu watsekedwa ndi zipika. Amalume ataima, anthu anatuluka m'tsekera mbali zonse, atanyamula mipini, zikwanje ndi miyala. Ndinkawadziwa onse. Ena ndinkaimba nawo kutchalitchi, ena anali azichimwene a anzanga. Koma nkhope zawo zinali zina, ngati wina wazibwereka. Patsogolo panali a Gelesomu, bambo wofatsa wosoka mphasa, amene mwana wawo wamkazi anamwalira mwadzidzidzi masabata apitawo. M'manja mwawo munali chigubu cha palafini.

Anayamba kugwedeza galimoto. Chifukwa cha magalasi akuda aja, ine sankandiona. Ndinkamva mawu okhaokha: "Mwana uja ali kuti? Wakam'siya kuti?" Ndinayang'ana amalume kuti achite kanthu, n'kuona kuti nawonso agwidwa ndi mantha. Munthu wamkulu akamaopa, mwana amasowa pothawira. Mantha onse a masiku apitawo anali masewera poyerekeza ndi amenewa.

"Amayi, musatuluke," anatero amalume. "Zivute zitani, musatuluke."

Mwala unaphwanya galasi la mbali yawo. Manja analowa, chitseko chinatseguka, ndipo anawakokera pansi. Ndinamva mpini ukugwa pathupi la munthu, kulira kwake ngati akupuntha thumba la chimanga. Ndinalimbana ndi chilamba chija, osadziwa pomasulira, mpaka ndinangopyola chapansi pake n'kutulukira pachitseko cha amalume chomwecho, ndi tinsapato tanga tatsopano.

Mipini inaima m'mwamba. Kenako mayi wina analoza mkono wanga, pomwe panali kathonje kaja, kali ndi kadontho kofiira pakati.

"Onani! Am'popa kale!"

Gulu lija linabangulanso. A Gelesomu anayamba kutsegula chigubu. Ine ndinali mwana wamanyazi, woti aphunzitsi akandiloza ndinkaluma kolala ya yunifolomu. Koma pamenepo mawu anatuluka okha, aakulu kuposa ine.

"Ndi anesi! Ndi anesi a ku Katete! Ndili ndi njoka m'mimba!"

Ndinabwereza kangapo, ndikukweza kapepala ka mapilitsi kaja m'mwamba, pamaso pa anyamata a m'kalasi mwathu amene anandiseka nazo mpaka ndinamaliza pulayimale. Mayi yemwe uja anayandikira, n'kutenga kapepalako, n'kukaunika padzuwa. Anati ndi omwe aja ofiira amene amapatsidwa kusikelo munthu akakhala ndi pakati. Azimayi ena anabwera kudzaona, n'kuvomereza motsitsa mawu.

Nthawi yomweyo anatulukira amayi anga. Anali atatuluka m'chikuta tsiku lisanakwane, opanda mpango kumutu, khanda lili m'manja. Sanakalipe. Anadutsa pakati pa anthuwo, n'kukhala pansi pafumbi pafupi ndi mlongo wawo, n'kuyamba kuwapukuta magazi pachipumi ndi nsonga ya chitenje. Amuna ambiri anayang'ana kumbali.

A Gelesomu okha ndi amene sanasunthe. Anati akufuna aone m'katimo ndi maso awo. Amalume anadzuka motsimphina n'kutsegula kutsogolo kwa galimoto. Tonse tinasuzumira. Munali zitsulo, mawaya, fumbi lofiira la kwathu komweko ndi tiziwala takufa. Injiniyo inkangoti the, the, the, ikuzizira. Amalume anasolola kachitsulo katali koyezera oilo n'kuwapatsa. A Gelesomu anapaka pachala, n'kununkhiza, n'kulawa ndi nsonga ya lilime. Anali oilo, wakuda, wowawa. Anaika chigubu chija pansi, n'kukhala m'mphepete mwa msewu, manja ali pamutu.

"Nanga mwana wanga anafa ndi chiyani?" anafunsa.

Anthu anayamba kuchotsa zipika mmodzimmodzi, aliyense akupewa maso a mnzake.

Amalume anakhala masiku ochepa, mabala atangouma anabwerera ku Joni, atamata pulasitiki pomwe panali galasi. Ine ndinachira, manja anafiiranso. Koma galimoto ija sinapondenso kwathu, ndipo eni ake ankabwera pamaliro pokha, pabasi, n'kukhala phee kumbuyo kwa amuna anzawo. Munthu uja wa nkhani zosatha anathera pakamlatho paja.

Lero ndimagulitsa zitenje pamsika wa Katete. Timagalimoto totere timadutsa tsiku lililonse, ana osatembenuka n'komwe. Anyamata otsuka magalimoto kuseri kwa shopu yanga amakhalira kukangana atawerama pafoni. Akuti kwamveka zoti opanga asintha injini, aikamo ya magetsi yosalira, ena akuti bodza, wina akulumbira kuti zikatero ndiye kuti galimotoyo yafa. Amakangana ngati mmodzi wa iwo adzaigula, kenako amaseka n'kubwerera kundowa zawo. Zimandisangalatsa kuti masiku ano mphekesera ya injini imathera m'kuseka.

Koma mafoni omwewo amabweretsanso zina. Mwezi wathawu pagulu la pafoni la azimayi a kutchalitchi kwathu panafika chithunzi cha galimoto yoyera itaima pafupi ndi sukulu ina ku Vubwi, pansi pake atalemba kuti makolo chenjerani, tumizirani ena msanga. Ndisanamalize kuwerenga, azimayi angapo anali atatumiza kale. Ndinachikulitsa chithunzicho ndi zala, kufuna kuona amene ali m'katimo. Sankaoneka. Ndinalemba funso limodzi lokha, loti ndani mwa ife wapita kukam'funsa dzina munthuyo, ndipo ndinakhala ndi foni m'manja mpaka makasitomala anandidzutsa, ndikudikira yankho.