Manja Osamva Moto

Anthu a mumsewu wawo ankangowatchula kuti Amayi a Simbi. Anayamba kusita zovala za anthu akadali mtsikana, pakhonde, ndi simbi ya makala, mpaka khungu la m'manja mwawo linakhuthala ngati chikopa. Khala likagwera pansalu, ankalitola ndi zala.

Amuna awo atafa ziwalo mbali imodzi, ntchito zinakhala ziwiri. Asite malaya, alowe kukatembenuza bambo, abwerere pakhonde simbi isanazizire. Za msana wawo ankangouza Mulungu.

Namwino woyendera odwala m'makomo ndiye anawachenjeza. "Munthu akagonera mbali imodzi nthawi yaitali, fupa limapana mitsempha. Mukamutembenuza, magazi amathamangira pamenepo ambiri." Anatchula dzina lake lachizungu, lalitali, limene amayiwo analiiwala nthawi yomweyo. "Kwa oyera khungu pamafiira. Kwa abambowa simudzaona kufiira, muzikhudza. Pakafunda n'kuzizira posachedwa, palibe kanthu. Pakangotenthabe, chilonda chikubwera. Ndipo chilonda cha pabedi chimapha, amayi."

Ankakhudzadi mokhulupirika, chikhatho chonse, paphewa, m'chiuno, ku zidendene. Sankapeza kanthu, ndipo ankathokoza.

Namwino atabweranso, dzanja lake linaima pafupa la m'chiuno.

"Apa patentha chonchi kuyambira liti?"

"Ndakhudzatu m'mawa womwe uno, mwananga."

Namwino anagwira dzanja la amayiwo, kuliyang'ana mkati ndi kuseri komwe kunali zipsera zokhazokha.

"Manja awa angamve chiyani, amayi?"

Mwayi wake khungu la bambo linali lisanang'ambike. Namwino anati asagonerenso mbali imeneyo mpaka patazizira.

Atapita, amayiwo anakhala m'mphepete mwa bedi n'kumayang'ana manja awo. Manja omwewo amene analera ana onse m'nyumbamo, lero awanamiza. Kenako anagwada pang'onopang'ono, mawondo akulira, n'kuika tsaya pachiuno cha amuna awo. Panali potentha ngati malaya ongositidwa kumene.

"Amake mwana," anatero bambo ndi pakamwa pawo popotoka, "ukalamba uno mwayambanso zachibwenzi?"

"Khalani chete inu. Ndikufufuza moto."

"Ndiye mwaupeza?"

"Ulipo."

Kuyambira pamenepo simbi inkazizira kawirikawiri pakhonde. Ena anatopa kudikira, anapita ndi zovala zawo kwina. Amayiwo ankatembenuza, kugwada, kuika tsaya, kenako kugwira bedi kuti adzuke. Bambo anasiya nthabwala ija, ankangowasisita kumutu ndi dzanja lomwe linkagwirabe ntchito.

Tsiku lina m'mawa tsaya linapeza pozizira. Anayesanso ndi tsaya linalo. Pozizira ndithu.

Anakhalabe chigwadire.

"Mukupemphera?" anafunsa bambo.

"Ndiyamba pompano. Mawondowa akana kaye kudzuka."