Nkhope ya Bambo pa Chikwangwani cha Mowa

Bambo anga sanalawepo mowa moyo wawo wonse. Anali mkulu wa mpingo komanso kalaliki wa kumgodi kuno ku Kitwe, ndipo akaona bala kutsogolo ankawolokera tsidya lina la msewu. Anamwalira kalekale. Lero akumwetulira pa chikwangwani chachikulu ku Ndola, pamwamba pa mawu oitanira anthu ku mowa wozizira. Anawakweza pamenepo ndine.

Ntchito yanga ndi yopanga mawebusaiti. Nditangoyamba kumene, mwini loji ina ya ku Ndola, yokhala ndi bala, anandipatsa ntchito. Ankafuna webusaiti yokumbutsa anthu za migodi ya kale. Ndinathamangira kwa amayi ku komboni ya Kwacha kukapempha chithunzi cha bambo, chimene anajambulitsa atavala chisoti tsiku limene makalaliki anatsitsidwa kukaona pansi.

"Ukabweze," anatero amayi potseka sutikesi. "Si choseweretsa ichi."

Za loya sindinaziganizire n'komwe, poti ndinkadziona ngati wochenjera. Kontirakiti ndinaikopera pa intaneti, n'kusinthamo mayina okha. Munali mzere wonena kuti chilichonse cha pa webusaitiyo, mawu ndi zithunzi zomwe, chidzakhala cha mwini lojiyo mpaka kale, achite nacho zimene afuna. Ndinauwerenga mzerewo, ndipo unandikomera. Unkamveka ngati wa kampani yaikulu. Chitsiru ine!

Patapita miyezi, mayi wina wa kumpingo kwathu anakaona abale ku Mushili, ku Ndola komweko, n'kudutsa pa chikwangwanicho. Pofika Lamlungu, mpingo wonse unali utamva.

Ndinakwera minibasi ya ku Ndola, ndipo mwini loji uja ndinamupeza ali pa kauntala.

"Ba boss, chosaniko chabe chija chithunzi. Ni atate banga."

"Mwaiche, pepala unabwela nayo ni iwe," anayankha ponditchula kamwana m'Chibemba, osakweza ndi mawu omwe. "Ine ninasaina chabe."

Apa m'pamene ndinakafuna loya, ku Riverside. Anawerenga kontirakitiyo mwakachetechete, kenako anafunsa amene analemba zimenezi. Ndinaloza pachifuwa panga. Anati kanjira kalipo kamodzi, koma kopanda chitsimikizo: amayi asume, akaime m'khoti, akanene kuti chithunzicho sichinali changa ndipo ndinachipereka popanda chilolezo chawo.

Nditakawafotokozera, amayi anamvetsera mpaka ndinamaliza. "Ndikaimirire pamaso pa anthu kuneneza mwana wanga? Manyazi amodzi akwana."

Sanandikalipire, ndipo chimenecho n'chimene chimandipweteka koposa. Mpando wawo wakutsogolo kutchalitchi anausiya, amakhala kumbuyo pafupi ndi khomo. Ku Ndola sapondako, ngakhale kugwe maliro. Ine ndimadutsa pa chikwangwanicho maso ali pansi. Chaka chatha chikwangwanicho chitasuluka ndi dzuwa ndinayamba kuyembekezera kuti achichotsa, koma anasindikiza china chowala kuposa choyamba.

Chithunzi chenichenicho ndinakabweza chili bwinobwino, mu envulopu yatsopano. Amayi anachitembenuza uku ndi uku, n'kuchiika pa tebulo.

"Pepala wabweza," anatero. "Nanga abambo ako ubweza liti?"