Heji ya Achimwene ndi chingwe changa

Achimwene anga ankadula heji popanda chingwe. Aliyense wa kwathu wogwira ntchito ya m'gadeni ku Pretoria ankazidziwa zimenezi, chifukwa eni akewo ankaonetsetsa kuti tazidziwa. Heji ndi mpanda uja wa zitsamba umene azungu amafuna kuti uzikhala wosalala pamwamba ngati tebulo. Enafe tinkakhoma chikhomo uku, china uko, n'kumanga chingwe, n'kumadula motsatira chingwecho. Iwo ankangoima kumapeto kwa heji, kupendeketsa mutu, kulavula m'manja, basi chisizasi chayamba kulira. Ndipo inkawongokadi, pamenepo sindinganame.

Diso lawo lamanzere linafa ali mwana, munga unawabaya akupirikitsa mbuzi kwathu ku Ntcheu. Ankati kalipentala akafuna kuona ngati thabwa lawongoka amatsinzina diso limodzi, ndiye iwowo Mulungu anawatsinzinira kale kuti asamavutike.

Ine ndinawatsatira ku Joni cha kumapeto kwa zaka za m'ma 1970, ndipo ndi iwo anandipezera malo ku Menlo Park. Iwo anali ku Brooklyn, komweko ku Pretoria, pa nyumba ya dona wina wamasiye. Tsiku loyamba kudzandiona anapeza chingwe changa chili pa zikhomo. Anachinyamula ndi zala ziwiri ngati khoswe wakufa, n'kundifunsa ngati ndinabwera ku Joni kudzayanika zovala. Ine ndinali bambo wa ana awiri, ndevu zili pepeya. Ndinapsa mtima mpaka makutu kutentha, koma mkulu ndi mkulu, ndinawaphikira tiyi.

Masiku amenewo mlendo ngati ife moyo wake unali pa chidindo cha m'pasipoti, ndipo chidindocho chinkatchula nyumba imene ukugwirako ntchito. Ntchito ikatha, kachipinda ka kuseri kwa galaja katha, chidindo chatha, chotsala n'kudikira apolisi akufunse mapepala pamsewu. Achimwene anali atakhala m'kachipinda kawoko zaka zambiri, ndipo chimene chinkawasunga pamenepo chinali heji ija. Dona ankaitanira anzake kudzaiona.

Kamwala ndi kamene kanayambitsa. Kanathothoka m'makina otchetchera kapinga n'kuwamenya pa diso labwinolo. Anapukuta misozi n'kupitiriza ntchito. Patapita masiku anayamba kuona ziphaliwali kunja kuli ngwee, kenako ngati wina akukoka katani kuchokera m'mbali. Dona anawatengera kuchipatala cha anthu akuda, anawachita opaleshoni, ndipo anatuluka akuona. Matama anawonjezeka. Ankati tsopano diso lawo lasokedwa ndi azungu, ndiye ndi la fakitale.

Patatha miyezi iwiri ndinapita kukawaona Lachinayi, tsiku langa lopuma, lomwenso dona ankapita kukasewera mpira wogubuduza ndi anzake. Ndinaima pageti. Heji inali ndi linunda pakati ngati ng'ombe ya kumudzi, ndipo chakumapeto inatsetsereka. Nditawauza, anati yawongoka. Chokhota, anatero, ndi khoma la nyumbayo, komanso mtengo wa magetsi wa panja pa geti, anthu a boma anauzika mwaulesi. Anayang'ana khoma, anayang'ana mtengo wa magetsi, kenako anakalowa m'kachipinda kukavala jekete.

Kuchipatala tinapeza dokotala wachinyamata, wa maso otopa. Anajambula diso kuseri kwa envelopu. Anati mkati mwa diso, kuseri kwenikweni, muli kansalu kopyapyala kamene kamagwira kuwala, ndipo pansi pake pali tinthu tamoyo tating'onoting'ono, maselo, toyalana bwinobwino, ntchito yake kudyetsa kansaluko. Kansalu katang'ambika, ena mwa maselowo anachoka pamalo pawo, anasintha maonekedwe, anaiwala ntchito yawo yakale n'kuyamba kuluka chipsera. Maselowo akuti akupoletsa bala. Koma chipseracho chikamauma chimakoka, kansalu kamachita makwinya, ndiye chowongoka chimaoneka chokhota.

Ine ndinkangogwedeza mutu ngati ndikumva. Achimwene ndi amene anamva. Anati ndiye kuti ndi kapinga walowa m'bedi la maluwa, udzu wabwinobwino koma wamera posayenera. Dokotala anavomera. Ndiye Achimwene anamufunsa m'Chingerezi chawo cha m'gadeni chija ngati palibe mankhwala opopera.

"Anthu akufunafuna," anatero dokotalayo. "Akufuna mankhwala oletsa maselowo kusintha, koma osaononga ena onse. Sanawapeze."

Achimwene anati zimenezo akuzidziwa, ophera udzu osapha maluwa ndi ovuta kupeza ngakhale ku sitolo. Anathokoza dokotalayo ngati wawapatsa mphatso. Anawachitanso opaleshoni ina yopala chipseracho. Chinaphukanso, monga amachitira kapinga. Kwa dona Achimwene anakanena kuti zonse zili bwino.

Apa ndi pamene tinachita zopusa, ndipo tinazichita mwaulemu kwambiri. Lachinayi lililonse dona akangotuluka, ine ndinkafika ndi chingwe m'thumba. Achimwene ankakumbukira mwadzidzidzi kuti ali ndi ntchito kuseri kwa nyumba. Ine ndinkakhoma zikhomo, kuwongola heji, kuzula zikhomo, kusesa masamba. Ndikamaliza ankatulukira ndi tiyi ndi buledi wopaka jamu, n'kumandifunsa za mvula ya kumudzi. Za heji sitinkatchula. Mng'ono sauza mkulu wake kuti ntchito yakukanikani, ndipo mkulu sapempha mng'ono wake kuti amukonzere.

Vuto linali lakuti heji suiwongola poonjezera, umaiwongola podula mpaka pamene patsika kwambiri. Ndiye Lolemba iwo ankaima kumapeto, kupendeketsa mutu, n'kuona kuti mwana uja wakhotetsa heji. Ankaikonza. Lachinayi ine ndinkakonza zimene akonzazo. Heji imene inkabisa munthu wamtali ataimirira inafika m'mapewa, kenako pachifuwa.

Kuseri kwa hejiyo kunkakhala mzungu wina amene dona anayambana naye kalekale pa nkhani ya galu. Zaka zonsezo sankaonana. M'mawa wina dona akumwa khofi pakhonde anangopezeka ayang'anizana naye maso ndi maso, bamboyo ali mu kabudula wogonera, ndipo panalibe kochitira mwina koma kupatsana moni. Zimenezo dona sanazikhululuke. Anaitana Achimwene n'kuwauza kuti heji ikatsikanso ndi chala chimodzi, afuna munthu wina.

Achimwene anabwera ku Menlo Park wapansi, Loweruka masana, maluwa a mitengo ya jakaranda atathothoka msewu wonse. Ndinawaona akubwera akuponda mosamala ngati pansi pali maenje. Anakhala pa ndowa yovundikira, anafunsa za ana, anafunsa za abwana anga, anayamikira maluwa amene sindikukhulupirira kuti ankawaona.

"Iwe," anatero pomaliza, "chingwe chija ukadali nacho?"

"Chiti, Achimwene? Choyanikira zovala?"

Mawu amenewo ndinawasunga zaka zitatu kudikira tsiku lake, ndipo atatuluka sanakome m'pang'ono pomwe. Mpaka lero ndikawakumbukira ndimachita manyazi.

"Chomwecho," anatero iwo.

Lachinayi lotsatira ndinawakhomera zikhomo zachitsulo mkati mwa heji, mosaonekera, ndi msomali pa msinkhu woyenera kuti azingokolekapo chingwe. Chisizasi chachikulu anachisiya, anatenga kakang'ono ka dzanja limodzi kodulira maluwa. Dzanja lamanzere linkayenda pa chingwe, lamanja linkadula chilichonse chimene chapitirira chala. Ntchito imene kale inkatha tiyi wa m'mawa asanafike tsopano inkatenga masiku atatu. Dona anaona chingwecho, anangochisiya. Heji inayamba kukwera, mzungu wa galu uja anamira pang'onopang'ono mpaka anasowa, ndipo chidindo chinadindidwanso.

Anagwira choncho chaka ndi theka. Kenako katani ija inatsekeka pafupifupi yonse, kunatsala kampata ngati ka pansi pa chitseko. Anakauza dona iwo eni, asanafunsidwe. Dona analira, n'kuwapatsa chikhoti cha malemu amuna awo, chotentha kwambiri moti ku Ntcheu chikanagwira ntchito mwina sabata imodzi pa chaka.

Ndinawaperekeza ku siteshoni m'tauni, dzanja lawo lili paphewa langa. Munthu wina wa ku Dedza amene ankabwerera kumudzi anavomera kuwayang'anira panjira. Katundu atakwezedwa, anapisa m'thumba la chikhoti chija n'kutulutsa chingwe changa, chokulungidwa bwino pa kamtengo, nsonga yake atamanga mfundo kuti isasosoke. Anafufuza dzanja langa n'kuchiika m'menemo.

"Tenga chingwe chako," anatero. "N'chokhota. Tsiku lililonse ndinkachiona, chokhota ngati njoka. Koma ndinati poti wamanga ndi iwe, ndichitsatira."

Ndinachiika m'thumba. Anakwera, ndipo anakhala pawindo n'kumabayibitsa mbali imene kunalibe ine. Ndinasuntha n'kukaima kumene ankabayibitsako.