Khadi Latsopano Lilowa Dzina

Ba Cathrine Zulu ali ndi kafe ya intaneti ku Mtendere, khomo loyandikana ndi saluni yanga. Ndi mayi wamakani, ndikunena ine amene ndimakangana nawo tsiku ndi tsiku za madzi amene ndimataya pakhonde.

Kafeyo anaiyambitsa ndi amuna awo, malemu ba Whyson. Iwowo ndi amene analemba pulogalamu yoyendetsa makompyuta onse kuchokera pa kompyuta yakale ya pakona. M'mawa intaneti ikangolumikizika, pulogalamuyo imalemba pa sikirini kuti, "Mwauka bwanji bamake Tiwo?" Ba Cathrine amayankha mokweza, ine ndikumva kuseri kwa khoma. Amuna awo ali moyo ndinkawaseka. Atamwalira ndinaleka.

Dzinja lathali mphezi inawotcha khadi la netiweki la kompyuta yakale ija, kachipangizo kamene amalowetsapo chingwe cha intaneti. Ba Mpundu, okonza makompyuta a ku Kalingalinga, anaikamo latsopano. Kanyali kake kanayaka bwinobwino, koma intaneti osabwera, moni osabwera.

Ba Mpundu anafotokoza kuti kompyutayo imapatsa khadi lililonse dzina. Lopsa lija linali eth0, ndipo pulogalamu ya ba Whyson imaitana dzina lokhalo. Latsopanoli kompyuta inalitcha eth1, chifukwa dzina loyamba inkalisungirabe khadi lakufa.

"Ivi vinthu ni vakale, amai," anatero ba Mpundu. "Tifafanize vonse, tiikemo vatsopano."

"Nanga moni wa bamuna banga?"

"Uzapita pamodzi."

Ba Cathrine anakana, natseka kafe. Ana asukulu ankabwera ndi ntchito zawo n'kubwerera pakhomo. Ine zinandipsetsa mtima, mpaka ndinawafunsa ngati moniwo adzaudya. Anangondisiya pakhonde n'kumapita, zimene sizinachitikepo. Apo ndinadziwa kuti mnzanga akulira maliro kachiwiri, ndipo zinandiwawa.

Ba Mpundu atabweranso kudzamva maganizo awo, ba Cathrine anali atakonzeka.

"Kwathu ku Katete munthu akamwalira, dzina sitikwirira naye. Wina amalowa dzinalo. Ili khadi silingalowe dzina la mnzake?"

Ba Mpundu anadzikanda kumutu. "Lingalowe. Koma kompyuta iyi yakalamba, mudziwe. Tikoperenso pulogalamuyi pena, tsiku lina isadzatayike."

Ba Cathrine anavomera, mwina koyamba chibadwire. Ba Mpundu anatsegula pamene kompyuta imasunga mayina a makhadi, anachotsa nambala yozindikiritsa khadi lakufa lija n'kuikapo ya latsopano. Kenako anaizimitsa n'kuiyatsanso. Ine ndinali pakhomo ndi chipeso m'manja, kasitomala ndamusiya ndi theka la mutu losaluka.

Kompyuta yakale simathamanga. Inalira, inaganiza. Kenako mawu aja anatulukira pa sikirini.

Ba Cathrine anakonza chitenje, nakhala pampando wawo.

"Nauka bwino, batate bake Tiwo," anatero. "Mwachedwa maningi."