Achimwene Anapita Kunkhondo M'malo mwa Bwana

Achimwene anga a Juba anabadwira m'munda wa fodya wa Bwana Thaxton ku Virginia, m'dziko la Amereka, kapolo ngati ine ndemwe. Anali munthu wanthabwala. Akayamba kuyerekeza kayendedwe ka bwana, mimba patsogolo, tonse tinkagwira nthiti.

Nkhondo yokana mfumu ya ku Mangalande itafika povuta, amuna anayamba kutengedwa mwa maere, ndipo maere anagwera Bwana Thaxton. Ha! Munthu amene ankakuwa za ufulu pamsika mpaka mawu kusasa, tsiku limenelo nyamakazi inamugwira miyendo yonse. Anaitanitsa achimwene pakhonde.

"Juba, upite m'malo mwanga. Ukawauze kuti ndiwe mfulu, poti akapolo sawalola. Ukabwerako udzakhaladi mfulu, ndalumbira."

Anapita. Anabwerako nkhondo itatha, zala zakuphazi zitathothoka ndi chisanu, nthabwala zitatsala komweko. Sankakwiya, sankaseka. Ukawapatsa chakudya adya, ukaiwala sakumbutsa. Za lonjezo lija anafunsa kamodzi kokha, bwana n'kuyankha kuti fodya ayambe wauma. Fodya anauma, wina anabzalidwa, nayenso anauma.

Ine ndiye zinkandinyansa.

"Achimwene, mwangoti duu ngati chitsa? Kafunseninsotu!"

"Ndamva, Tamar," ankatero, n'kunyamula khasu.

Anakwatira Hagar, wophika wa kunyumba yaikulu, n'kubereka ana aakazi awiri. Madzulo ankawakhazika pamiyendo osalankhula kanthu, anawo n'kumawakoka ndevu.

Zigawo za dziko lathu zitagwirizana pa malamulo a boma latsopano, m'tauni munakonzedwa chikondwerero. Bwana anatitenga, ine kukagawa chakudya, achimwene kukagwira hatchi. Tili m'njira analankhula osatembenuka n'komwe.

"Juba, ndikudziwa kuti unamva za lamulo lomasula akapolo amene anamenya nkhondo. Ukafuna kubwalo la milandu, pita. Koma ukatero, Hagar ndi ana wowagula alipo kale kutali ku Carolina."

"Inde, bwana," anatero achimwene, ngati awauza kuti kukubwera mvula.

Kutauni kunali mizinga, ng'oma, ng'ombe yowotcha yathunthu. Bwana wathu anakhala kutsogolo ndi akuluakulu, nyamakazi itapola kalekale. Ndikugawa nyama, ndinaona mzungu wina wa mkono umodzi akukankha anthu, kulunjika pamene panali hatchi.

"Juba! Fisi iwe, ukadali moyo? Ndine Elkanah! Unandibereka kumsana atandiwombera, ine ndikukutukwana njira yonse!"

Anaseka mpaka misozi. Kenako anaona zingwe za hatchi m'manja mwa achimwene, anaona nsanza anavalazo, kuseka kuja n'kuzima.

"Usandiuze kuti sanakumasule. Tiye kwa woweruza lero lomwe. Ine ndikachitira umboni, anzathu ena ali apo akumwa. Tiye, iwe!"

 Ndinafuna kukuwa kuti yankhanitu achimwene. Kutsidya kwa msewu Bwana Thaxton anali ataimitsa chikho m'malere, akuyang'ana.

Achimwene anamuyang'ana Elkanah monga munthu amayang'anira khoma.

"Mwandifanizira ndi wina, bwana. Ine sindinapiteko kunkhondo."

"Juba, ndine! Tinkafunda bulangete limodzi!"

"Chonde patukani pang'ono, bwana. Hatchiyi imaponda."

Elkanah anaima pamenepo nthawi yaitali, kenako anabwerera kwa anzake akucheukacheuka. Mzinga unalira, anthu n'kuponya zipewa m'mwamba kukondwerera dziko la mfulu. Ine sindinalire, sindinamvenso chilichonse. Munthu wina anandigunda ndi mbale kuti ndimuwonjezere nyama, ndipo ndinamuwonjezera.

Achimwene anamwalira ali nkhalamba, m'munda womwewo, ali kapolo. Hagar ndi ana ake onse awiri analipo pamaliro.