Mphatso Imene Radojka Sanatsegule

Ku Čačak, aliyense amene anatumizako kalata pa positi ya pafupi ndi msika ankamudziwa Radojka. Anakhala pa windo lachitatu zaka makumi atatu ndi chimodzi, ndipo akangoti "wotsatira!" mzere wonse unkasendera ngati ana a sukulu. M'tauniyo anafika ali mtsikana, kuchokera ku Lipovac, mudzi wa kumapiri kumene basi imafika kawiri pa tsiku. Anabwera ndi sutikesi imodzi, atavala nsapato zobwereka. Munthu akamufunsa za kwawo, ankangoti "cha konkuno," n'kuyamba nkhani ina.

Pa zakudya ndiye ankadzisamala kwambiri. Lachisanu lomaliza la mwezi, iye ndi anzake a ku positi ankakadya ku lesitilanti ya m'mbali mwa mtsinje. Radojka ankaitanitsa nsomba yootcha ndi kachidutswa ka ndimu, n'kumadya mosafulumira. Ankasiyako pang'ono m'mbale, poti anamva kuti anthu ophunzira sapukuta msuzi ndi buledi. Wina akaitanitsa nyemba, iye ankakwinya mphuno.

"Ine nyemba m'mimba mwanga zimakana," ankatero.

Koma kunyumba, Lamlungu, ankatereka mphika wa nyemba zosakaniza ndi nthiti za nkhumba zowamba. Ankadyera chigumu cha chimanga ndi anyezi wamuwisi, chiimirire m'khitchini ngati wakuba. Malemu mwamuna wake Dobrivoje, yemwe anali makaniko wa mabasi, ankamuseka.

"Mayi, takhalani pansi. Nyembazo sizikakunenani ku positi."

M'chipinda chochezera munali kabati yokiya. Pakhomo pa mnzako sufika chimanjamanja, ndiye alendo ankabwera ndi paketi ya khofi, botolo la vinyo kapena bokosi la chokoleti. Radojka sankatsegula chilichonse. Ankalemba ndi pensulo dzina la wobweretsa kunsi kwake, kuopa kudzabwezera mwini wake chinthu chomwecho, n'kuika m'kabati. Akaitanidwa kwina, ankangosankha momwemo. Mwana wake Tijana ankati mabokosi ena anayenda nyumba zambiri kuposa abusa.

Kumudzi kunatsala mkulu wake, Milunka, namfedwa ngati iye, wosunga ng'ombe imodzi ndi nkhuku. Chaka chilichonse pa 19 Disembala, Milunka ankakwera basi ya m'mawa kubwera ku slava ya kwa Radojka, phwando la Nikola Woyera wosunga banjalo. Kale ankabwera ndi ndowa ya tchizi, mazira okulunga m'nyuzipepala ndi kachasu wa zipatso za mapulamu m'botolo la zakumwa za ana. Chaka china ndowayo inadontha pa masitepe alendo akuona, ndipo Radojka anamukokera m'khitchini.

"Achemwali, musamavutike ndi zindowa izi. Kuno zonse timagula."

Kuyambira pamenepo Milunka ankangobwera ndi paketi ya khofi ngati mlendo wamba.

Chaka chimene Tijana anapeza mwamuna womufunsira, Milunka anafika ndi bokosi lalikulu lafulati, lokutidwa ndi pepala lonyezimira, lomangidwa ndi kansalu kofiira. Maonekedwe ake okha ankanena kuti ndi chokoleti. Radojka anasangalala mumtima kuti mkulu wake waphunzira za m'tauni.

"Ili ndi lako iwe, Rada," anatero Milunka, asanalisiye m'manja. "Si la alendo ayi."

"Ndamva, achemwali. Lowani, supu akuzizira."

Alendo atapita, bokosi lija linalembedwa dzina kunsi n'kulowa m'kabati.

Patatha sabata, Milunka anaimba foni.

"Walawa zija?"

Radojka anali akusita zovala, foni ataipanikiza paphewa.

"Ndalawa, achemwali, zokoma zedi. Makamaka zokhala ndi mkaka m'kati zija. Ndatsala pang'ono kumaliza bokosi lonse."



"Oho. Zamkaka."

"Eya, zamkaka zija."

"Chabwino. Ng'ombe ikulira uko, ndipite."

Pa 20 Januwale, tsiku la Yohane Woyera, inali slava ya kwawo kwa Strahinja, mnyamata wa Tijana uja. Aka kanali koyamba Radojka kuitanidwa kunyumbako. Mayi a mnyamatayo, Olivera, anali dokotala wa mano, ndipo nyumba yawo inali ya kumtunda, ya mpanda wachitsulo. Radojka anasintha diresi katatu. Kenaka anatsegula kabati n'kuyang'ana bokosi limodzilimodzi. La Milunka ndiye linali lokongola kuposa onse. Anafufuta dzina lija, n'kunyamula bokosilo, n'kunyamuka ndi Tijana.

Pakhomo Olivera anamupsompsona katatu m'masaya.

"Asewele, mwadzivutitsiranji?"

"Ndi kakang'ono chabe," anatero Radojka. Palibe anamufunsa, koma pakamwa panangopitiriza pokha. "Ndinakagula kulikulu, ku Belgrade, sabata yatha."

Patebulo panali anthu oposa khumi ndi asanu. Kunabwera supu, kabichi wokulunga nyama, kenaka kankhumba kootcha. Radojka anadya monga mwa nthawi zonse, pang'onopang'ono, n'kumayankha mwaulemu. Mlamu wake wa Olivera, bambo wina wonenepa wokonda nthabwala, anamufunsa za kwawo, iye n'kuti cha konkuno. Zonse zinkayenda bwino mpaka nthawi ya khofi.

"Tiyeni titsegule za ku Belgrade zija," anatero Olivera. "Ine ndimaletsa anthu zotsekemera mkati mwa sabata, koma lero ndi tchuthi."

Anamasula kansalu kaja, n'kung'amba pepala. Linalidi bokosi la chokoleti, koma lakale, makona ake atapindika. Atavundukula, m'chipindamo munamveka kafungo ka utsi wa nkhuni. M'timaenje momwe mumakhala chokoleti munali mapulamu ouma, akuda bii, onyezimira. Lililonse linali lochotsedwa njere, m'malo mwake muli mtedza wa mumtengo. Pamwamba panali kapepala kopinda. Olivera anayesa ndi mafuno abwino a mlendo wake, ndiye anawerenga mokweza, akumwetulira.

"Rada, mtengo wa atate uja unagwa ndi mphepo mu Okutobala. Awa ndi omaliza. Ndawamba ndekha m'ng'anjo yawo ija. Udye wekha, usathamangire. Milunka."

Mawu omalizawo anawawerenga motsitsa, koma onse anali atamva kale. Supuni zinasiya kulira m'makapu. Tijana anayang'ana pansi.

"Ku Belgrade zinthu zapita patsogolotu," anatero mlamu uja. "Akugulitsa ndi kalata yomwe."

Ena anaseka, ena anatsokomola. Radojka anaika kapu yake pansi. Anafuna kunena kuti anasokoneza mabokosi, koma lilime linakana. Kuseka kuja akanatha kukupirira. Chimene chinamulasa ndi mawu ake omwe a pa foni paja. Zamkaka. Mkulu wake anachotsa njere m'mapulamu onsewa, limodzilimodzi, kenaka n'kumva mng'ono wake akuyamikira mkaka. Pafupifupi mwezi wathunthu Milunka ankadziwa, ndipo sananene kanthu.

Kumapeto kwa tebulo kunali agogo Svetozar, apongozi a Olivera, nkhalamba ya zaka pafupifupi makumi asanu ndi anayi. Kalata ija sanaimve. Anangonunkhiza fungo, n'kutambasula dzanja.

"Tabweretsani kuno."

Anatola limodzi, n'kulimumunya nthawi yaitali, maso atatsinzina.

"Awa si a m'sitolo. Wabwera nawo ndani?"

Olivera analoza Radojka ndi maso.

"Mwana wanga, kwanu n'kuti?"

"Ku Lipovac," anatero Radojka chapansipansi.

"Wati chiyani? Kweza mawu, makutu anatha awa."

"Ku Lipovac, agogo!"

"Ehee! Kumapiri. Ndimadziwa ine. Amene wawambayu ali ndi manja, sanapsereze ndi limodzi lomwe."

Bokosi linayamba kuzungulira. Litafika pa Radojka, analipitiriza osatolamo. Potsanzikana, Olivera anamuperekeza mpaka pachipata, n'kumulowetsera bokosilo m'chikwama. Munali mutatsala asanu ndi limodzi.

"Izi ndi zanu, asewele. Zinangosochera njira."

Akanamunyoza bwenzi zili bwinoko. Chifundocho chinamuwawa kuposa nthabwala ya mlamu uja.

Panjira Tijana anayenda patsogolo, manja ali m'matumba a jekete. Atafika pa mlatho anatembenuka.

"Amayi, za Belgrade zija zinachokera kuti? Anakufunsani ndani?"

"Ndisiye, mwana iwe."

"Ine za anthu aja sindikudandaula, aiwala mawa. Koma amayi aakulu? Muwauza chiyani?"

Radojka anangomudutsa n'kuwoloka mlathowo. Masiku atatu sanatuluke m'nyumba. Ankati akagwira foni n'kuibwezanso pansi. Mapulamu aja anali patebulo, ndipo sanathe kulawa ngakhale limodzi. Tsiku lachinayi anakwera basi ya m'mawa.

Ku Lipovac kunali chisanu choopsa. Kuseri kwa nyumba, pamene panali mtengo paja, panatsala chitsa. Radojka anapeza Milunka m'khitchini, atakhala pafupi ndi mbaula, akutongola chimanga cha nkhuku.

"Ndani?"

"Ndine, achemwali."

"Rada? Kwagwanji? Wandibweretsera chokoleti?"

Radojka anakhala pa benchi osavula jekete. Anatulutsa bokosi lija n'kuliika patebulo. Anafotokoza zonse: kabati, pensulo, Belgrade, kalata yowerengedwa pagulu. Sanabise kalikonse, ngakhale nthabwala ya mlamu uja. Milunka ankangotongola chimanga chake.

"Ndinadziwa tsiku lomwe lija," anatero pomaliza.

"Nanga bwanji simunandiuze?"

"Ndikuuze kuti chiyani? Kuti ukunama? Ndiye kuti iwe sumadziwa?"

"Ndachita manyazi, achemwali."

"Chita. Sakupha."

Nkhuni zinkathetheka mumbaula. Kenaka Milunka anafunsa, ngati zosafuna.

"Ndiye anthu akowo anadya?"

"Anadya. Agogo ena anadya asanu."

"Anati bwanji?"

"Anati wowambayo ali ndi manja. Akuti simunapsereze ndi limodzi lomwe."

Milunka anapukusa mutu, koma pakamwa panaoneka kakumwetulira. Anadzuka kukatereka khofi. Atawira, anafufuza kapu ndi dzanja patebulo, n'kuika chala pamlomo pake, n'kuyamba kuthira. Khofi wina anatayikira pambali. Radojka anamuyang'anitsitsa mkulu wake kumaso, ndipo anaona kuti m'maso monse muwiri muli zoyera ngati nkhungu.

"Achemwali, maso anuwa ayamba liti?"

"Chaka chathachi. Ndi ng'ala, ngati amayi."

"Ndiye mapulamu aja?"

"Zala zimaona. Kalata ndi kukulunga anandithandiza mkazi wa Obrad, wa nyumba iyo. Ndinati likhale lokongola, mwina ulilandira."

"Bwanji simunanene pa slava paja?"

"Ndinakhala tsiku lonse patebulo pako, Rada. Ndinagwetsa tambula. Unati ndisamale, ndi ya seti."

Radojka anakumbukira. Anakumbukiranso kuti anatola zidutswa za tambulayo akung'ung'udza, osamuyang'ana n'komwe mkulu wake. Anaphimba nkhope ndi manja n'kulira, kulira kwa kumudzi, kotulutsa mawu. Milunka sanamutonthoze. Anangomukankhira kapu ya khofi.

"Imwa, usandidzidzimutsire nkhuku."

Atabwerera ku Čačak, Radojka anayenda m'maofesi a chipatala mpaka anapeza tsiku la opaleshoni. Anthu ambiri kumeneko ankamudziwa kuchokera pa windo lachitatu, ndipo aliyense ankamuuza mosabisa kuti wodwalayo ndi mkulu wake wa ku Lipovac. Milunka anakana kawiri, akuti ng'ombe aisiyira ndani, mpaka Obrad anavomera kuisunga. Mu Malichi anabwera kudzakhala kwa Radojka milungu itatu. Ankakangana tsiku lililonse, za mchere, za mawindo, za wailesi.

Manyazi aja sanathe. Radojka akamuona Olivera patali mumsika, ankalowa m'njira ina, ngakhale kuti ukwati wa ana awo unali utakonzedwa kale kuti udzachitike mu Meyi. Ku lesitilanti ya Lachisanu anajomba miyezi iwiri, poganiza kuti nkhani ija inafika kale ku positi. Inafikadi, ndipo anzake ankaikamba iye kulibe.

Diso lakumanzere madokotala anati linachedwa. Lakumanja ndiye analichita opaleshoni. M'mawa mwake namwino anamatula bandeji, Radojka ataimirira pafupi atanyamula jekete la mkulu wake. Milunka anaphethira kangapo. Anayang'ana windo, anayang'ana manja ake, kenaka anatembenukira kwa mng'ono wake n'kumuyang'ana nthawi yaitali, kuyambira kumutu mpaka kumapazi.

"Koma Rada, wakalambatu iwe."

"Ndinakalamba kale, achemwali."

"Ayi, koma osati chonchi. Tandipatsa jekete langalo tizipita, ndamva njala."